Musanalipire pulogalamu yoyendetsa ntchito za bizinesi, ifunseni kaye kuti netiweki ikathawa imatani

Masiku ano achinyamata otsatsa ma system achuluka kuno ku chigwa cha Shire, aliyense ndi kalaputopu kake, amati bwana musamavutikenso ndi mabuku, pulogalamu izikulemberani oda, izichotsa yokha katundu mu sitoko, izikumbutsa anthu a ngongole, inu muzingoona pa foni. Ndipo sakunama ayi, zinthuzi zilipodi ndipo zimagwira ntchito. Kungoti mapulogalamu ambiri otchukawa anawapanga anthu oti kwawo magetsi sazima, intaneti siduka, ndipo kasitomala amalipira pa kadi. Ife kuno ndalama imalowa pa Airtel Money, pa Mpamba, ina pamanja, ina mwini wake akuti dikirani ndigulitse kaye ng'ombe ku Ngabu. Nde ine ndimaona kuti posankha, zoti pulogalamu ikutha kuchita chiyani tsiku labwino si nkhani kwenikweni, onse amatha. Nkhani ili pa tsiku loipa.

Koma tiyambe ndi mmene zimayendera, chifukwa anthu ambiri amalipira chinthu chomwe sakuchimvetsa. Automation iliyonse, ndiko kuti ntchito yomwe pulogalamu imadzichitira yokha, kaya ndi yodula bwanji, ili ndi zinthu zitatu basi: chinachake chimachitika, pulogalamu imayang'ana lamulo lomwe munaiuza, kenako imachita ntchito. Tiyerekeze muli ndi hadiweya pa Nchalo ndi kanthambi kena pa Bangula. Mnyamata wa pa Bangula walemba pa fomu ya pa foni kuti wagulitsa matumba 10 a simenti, chimenecho nde chochitika. Pulogalamu ikuchotsa 10 pa nambala ya mu sitoko, ikuona kuti atsala ochepera 30 omwe inu munati asamatsike pamenepo, limenelo nde lamulo. Kenako ikutumiza uthenga kwa inu ndi kwa dalaivala kuti ulendo wa mawa pakhale simenti ya ku Bangula. Palibe waimba foni, palibe waiwala. Zili ngati madzi a mu ngalande za mu mzimbe, ukatsegula geti lakumtunda amadziyendera okha mpaka kumapeto kwa mzere, koma geti limodzi likatsekeka ndi zinyalala pakati, a kumunsi amangoona kuuma osadziwa kuti chavuta ndi chani. Ma system nawo akaduka amaduka chete choncho, ndipo ndi chimene chimapweteka anthu.

Musanatsegule tsamba la kampani iliyonse tengani kope ndi bolopeni, mutsatire oda imodzi yokha kuyambira pomwe kasitomala walankhula mpaka pomwe ndalama yalowa ndi katundu watuluka. Muzilemba zomwe zimachitikadi, osati zomwe mumauza anthu kuti zimachitika. Mupeza zinthu zodabwitsa. Oda yabwera pa voice note ya WhatsApp m'Chisena, mtsikana wa pa kauntala waimvera, walemba pa chikuto cha katoni chifukwa buku linali ndi wina, madzulo waikopera mu buku la hadikava lija lokhala ndi labala pakati, kasitomala watumiza theka la ndalama pa nambala ya mlamu wake, sikirinishoti yapita pa foni ya inu bwana pomwe buku lili ku shopu, wa kabaza watenga katundu osasaina paliponse. Tsopano taonani, pa ulendo umenewu nambala imodzi yalembedwa katatu ndi anthu awiri. Pomwe nambala ikukopedwa kuchoka pena kupita pena, pamenepo nde pofunika makina. Pomwe munthu akuganiza, monga kuvomereza kuti uyu timpatse pa ngongole kapena ayi, pamenepo musiyireni munthu, pulogalamu ingomubweretsera funsolo mwachangu ndi kusunga yankho lake. Ndipo ngati mukulephera kulemba ulendo wa oda pa pepala limodzi chifukwa tsiku lililonse umayenda mosiyana, musagule kaye kalikonse, konzani kaye kayendedweko.

Mapulogalamu akewo ine ndimawaona m'magulu atatu. Pali olumikiza, omwe ntchito yawo ndi kutenga uthenga ku pulogalamu iyi kupititsa ku inayo. Wotchuka ndi Zapier wa ku America, pali Make yemwe kale ankatchedwa Integromat mpaka 2022, pali Power Automate wa Microsoft yemwe amayenda bwino ngati ofesi yanu ili kale pa Outlook ndi Excel wa pa intaneti, ndiye pali n8n wa ku Berlin yemwe mutha kumuika pa seva yanu, kompyuta yomwe imasunga ndi kuyendetsa pulogalamuyo. Gulu lachiwiri ndi la mapulogalamu akuluakulu omwe zonse zili mkati momwemo, sitoko, malonda, ma invoyisi, malipiro a antchito, monga Odoo wa ku Belgium ndi ERPNext wa ku India, onse awiri ali ndi mtundu waulere koma amafuna munthu wodziwa kuti awaike ndi kuwasamala. Gulu lachitatu nde lomwe anthu amalinyoza koma kuno limathandiza kwambiri, tizida ting'onoting'ono: Google Forms ndi Google Sheets, AppSheet yomwe imasandutsa Sheet kukhala app ya pa foni, KoboToolbox yomwe aliyense amene anagwirako ntchito ya kalembera wa mabungwe nthawi ya madzi osefukira anaigwirapo, Loyverse ya pa kauntala, ndi WhatsApp Business yomwe muli nayo kale mwina simunatsegule ma label ndi mayankho okonzeratu.

Tsopano tsiku loipa lija. Amene tinali kuno mu Januwale 2022 tikukumbuka namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, siteshoni ya pafupifupi 130 megawatts inakhala chiimire kupitirira chaka, dziko lonse linali pa kuzimazima kwa magetsi. Mu Malichi 2023 Freddy anabwera kudzadula misewu ndi milatho, madera ena a ku East Bank kufikako kunali kwa bwato kapena ndege. Koma sitikufunika namondwe kuti netiweki ivute, nsanja ikatha mafuta a jenereta basi, kapena mungolowa mkati pang'ono kuchoka pa M1 foni yayamba kulemba E. Zapier, Make ndi Power Automate wa pa mtambo amagwira ntchito pa makompyuta a kunja, iwo sazima, koma amangodziwa zomwe zawafika. Ngati fomu ya mnyamata wa pa Bangula siinatumizike, kwa iwo simenti sinagulitsidwe. Google Forms popanda intaneti siitumiza n'komwe. Pomwe KoboCollect, AppSheet ndi Loyverse amasunga zomwe mwalemba mu foni momwemo, netiweki ikabwera nde amakankha. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa ma feature onse omwe wotsatsa angakuonetseni. Choncho nthawi zambiri chomwe chimagwira kuno ndi kusakaniza, kutsogolo komwe antchito amalemba kukhale chida chosunga mu foni, kumbuyo nde kukhale olumikiza aja.

Koma apanso osangomva mawu oti imagwira offline n'kukhutira. Muuzeni wotsatsayo ayike foni pa flight mode pamaso panu, alembe malonda atatu, azimitse foni, ayatse, abweze netiweki, muone ngati onse atatu afika komanso ngati afika kamodzikamodzi. Vuto lodziwika ndi loti netiweki ikamabwera n'kumathawa, foni imatumiza, siilandira yankho loti zafika, imatumizanso, oda imodzi yalowa kawiri, sitoko yachotsedwa kawiri, kasitomala walandira mauthenga awiri a ngongole imodzi ndipo akubwera atakwiya. Pulogalamu yabwino imapatsa oda iliyonse nambala yakeyake pomwe ikulembedwa mu foni, kuti ikafika kachiwiri izindikire kuti iyi ndaiona kale. Funsaninso izi, thumba lomaliza la simenti likagulitsidwa pa Nchalo komanso wa pa Bangula walilonjeza kwa wina pomwe onse alibe netiweki, zikadzalumikizana amapambana ndani, ndipo akuuzani kapena ingosintha nambala mwakachetechete? Ngati wotsatsa akuyamba kukanda mutu pamenepa mwadziwa kuti sanayesepo.

Palinso nkhani ya nthawi. Ma automation ena amadziwa pompopompo chinthu chikachitika, ena amachita kukasuzumira pakapita mphindi zingapo, pa pulani yaulere ya Zapier ndi mphindi 15 zilizonse. Pa lipoti la madzulo zilibe kanthu, koma ngati kasitomala waima pa geti kudikira kuti system ivomereze katundu atuluke, padzuwa la Okutobala la kuno lija lopitirira madigiri 40, mphindi 15 ndi zambiri.

Nkhani ya ndalama zolowa nde pomwe ambiri amagwa. Mukatsegula mndandanda wa mapulogalamu omwe Zapier amalumikizana nawo mupeza PayPal, Stripe ndi anzawo masauzande, koma musayembekezere kungodina batani lolembedwa Mpamba. Ndipo ngati system siikuona ndalama, nde kuti theka la ntchito mukuchitabe pamanja. Njira zilipo koma iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyera ndi kukhala ndi nambala ya bizinesi ya malonda osati nambala yanu ya mthumba, kenako kudutsa pa kampani yolumikiza malipiro ngati PayChangu yomwe imalandira Airtel Money ndi Mpamba ndipo ili ndi API, kutanthauza kuti malipiro akalowa imatha kuuza pulogalamu yanu yokha, koma amadulapo kenakake pa malipiro alionse nde muwerengere pa phindu la thumba limodzi muone ngati zikutuluka. Njira ina yomwe achinyamata amaikonda ndi kuika app pa foni ya Android yoti SMS ya malipiro ikalowa iziitumiza ku Google Sheets. Ndi yotchipa ndipo imagwira, koma foniyo ikazima kapena ikaitenga mwana kukaonera mpira zonse zaima, kampani ya foni ikasintha kalembedwe ka uthenga system imayamba kuwerenga nambala zolakwika, ndiye choopsa kwambiri, mauthenga abodza a akuba aja omwe amaoneka ngati ndalama yalowa. Munthu amatha kukayika n'kuyang'ana balansi, makina amangokhulupirira. Chifukwa chake ine lamulo langa ndi loti SMS isamatulutse katundu payokha, izingolemba kuti zikuoneka kuti walipira, nambala ya transaction isungidwe, ndipo wina atsimikize ndi balansi yeniyeni kapena sitetimenti. Sikirinishoti nde musaiwerengere n'komwe ngati umboni.

Mtengo. Apa werengani bwino chifukwa ziro zimabisala. Zapier amalipiritsa pa task, ndipo task si oda ayi, ndi ntchito iliyonse yomwe yachitika bwino mkati mwa oda. Tibwerere ku hadiweya ija, tinene ma oda 40 patsiku, oda iliyonse ikulemba mu Sheet, ikuchotsa mu sitoko, ikutumiza uthenga, ntchito zitatu. 40 kuchulukitsa 3 kuchulukitsa masiku 26 ndi ma task 3,120 pamwezi. Pulani yaulere imapereka 100 pamwezi, nde kuti tsiku loyamba lisanathe yatha, kuonjezera apo yaulereyo siilola ma sitepe ambiri mu automation imodzi. Pulani yolipira yotsikitsitsa imayambira cha m'ma 20 dollars pamwezi ndipo ma task ake safika pa 3,120 pamenepo, mukwera ndithu. Make amawerenga mosiyana pang'ono ndipo kawirikawiri amatuluka wotsikirapo, ena monga AppSheet ndi Power Automate amalipiritsa pa munthu aliyense wogwiritsa ntchito, nde ngati muli ndi anyamata aganyu ambiri nthawi yogula thonje kapena chitowe muwerengere mitu yonse.

Ndiye zonsezi ndi za ma dollar. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dollar inachoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi. Munthu amene ankalipira 20 dollars, bilu yake inachoka pa K23,600 kufika K34,000 osaonjezera kalikonse. Ndipo kukwera n'kwabwinoko, chopweteka ndi mwezi womwe kadi yakana chifukwa cha kusowa kwa forex ku banki, pulogalamu n'kuimitsa ma automation anu mpaka mulipire. Funsani kuti malipiro akachedwa amakupatsani masiku angati, ndipo akatseka mutha kuonabe ndi kutulutsa zolemba zanu? Apa nde pomwe munthu wa m'dziko momwemuno wolipiritsa makwacha, kapena n8n ndi ERPNext zoika pa seva yanu, zimayamba kukoma. Koma osanamizana, zaulerezo si zaulere kwenikweni, seva imalipiridwa, wina akuyenera kupanga ma backup ndi ma update, ndipo seva yoika mu shopu pansi pa malata kuno, ndi kutentha ndi fumbi ndi magetsi obwera mwamphamvu aja, siikhalitsa. Bola ikhale pa intaneti.

Kumbukiraninso kuti bizinesi ya kuno imayenda ndi nyengo. Nthawi yodula mzimbe ndi masiku a malipiro ku Illovo, Kasinthula kapena Phata, pa Nchalo ndi pa Dyeratu ndalama imayenda, miyezi ya mvula zinthu zimazizira. Pulani ya chaka chonse imaoneka yotchipa pa pepala koma mukulipira ma task a mwezi wotentha ngakhale mu Febuluwale momwe mukugulitsa misomali yokha. Chaka choyamba lipirani mwezi ndi mwezi muone kaye manambala anu enieni.

Mauthenga opita kwa makasitomala, apa ndikufuna ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pomwe makina amatha kukuyambanitsani ndi anthu. Choyamba si onse ali pa WhatsApp, ku midzi ambiri ali ndi kafoni ka mabatani, nde SMS ikadali mfumu, ndipo makampani ngati Africa's Talking amagulitsa SMS zotumiza kuchokera mu pulogalamu. WhatsApp yotumiza yokha mauthenga ambiri imafuna njira yovomerezeka ya Meta, eni ake a WhatsApp, yomwe ndi yolipira, uthenga womwe mwayambitsa ndinu umayenera kukhala wa template, mawu okonzeratu omwe iwo avomereza, ndipo kucheza momasuka kumaloledwa mkati mwa maola 24 kasitomala akakulemberani. Tima app tamadulira tolonjeza kutumiza kwa anthu 500 mwaulere tingakutseketseni nambala yomwe makasitomala onse amakudziwirani. Chachiwiri, makina sadziwa kuti pakhomo pagwa maliro. Sadziwa kuti munda wa kudimba wapita ndi madzi. Uthenga woti bambo muli ndi ngongole ya K85,000 lipirani lero ukafika munthu ali pa siwa, ndalamayo mwina mudzailandira koma munthuyo mwamutaya pamodzi ndi abale ake onse. Nde sankhani pulogalamu yoti ili ndi poimitsa uthenga wa munthu mmodzi mosavuta, yoti ngakhale mtsikana wa pa kauntala atha kudina, kapena yoti mmawa izikuonetsani mndandanda wa omwe akumbutsidwe lero inu n'kuchotsapo ena musanavomereze. Ndipo mawu ake mulembe nokha m'Chichewa kapena Chisena chaulemu mmene mumalankhulira nawo, musasiye a Chingerezi obwera ndi pulogalamu. Za AI zomwe akutsatsa kuti izimvera ma voice note n'kulemba oda yokha, iyeseni ndi voice note yeniyeni ya kasitomala wanu wa ku Marka akulankhula pa mphepo ali pa njinga, musaiyese ndi mawu a wotsatsayo.

Kiyi ali ndi ndani? Zimachitika kwambiri, mphwanu wodziwa makompyuta wakukonzerani zonse bwinobwino, koma akaunti watsegula ndi imelo yake, nambala yotsimikizira ikupita pa SIM yake, kenako wapeza ntchito ku Lilongwe kapena watsika ku Joni, tsiku lomwe zaduka mukumuimbira foni siikupezeka. Akaunti iliyonse itsegulidwe ndi imelo ya bizinesi yomwe pasiwedi yake muli nayo inu, iye muzimupatsa chilolezo cholowa basi. Akulembereni pa pepala automation iliyonse kuti imayamba ndi chani, imachita chani, ikalephera imauza ndani. Ili lomalizali musalidumphe, pulogalamu izikutumizirani uthenga ikalephera, osati muzidziwira kwa kasitomala. Muonenso ngati wantchito aliyense ali ndi polowera pake komanso ngati system imasunga kuti anasintha mtengo kapena kufufuta oda ndi ndani, nthawi yanji, chifukwa ngati onse akulowa ndi pasiwedi imodzi nde mwangosamutsa kuba kuchoka mu buku kupita mu foni. Ndipo musanalipire dinani batani la export muone ngati zolemba zanu zikutuluka mu Excel zowerengeka.

Za malamulo mwachidule. Maina, manambala a foni ndi ngongole za anthu zomwe mukusungazo zili pansi pa Data Protection Act ya 2024 yomwe amayang'anira ndi a MACRA, nde si zoti wantchito aliyense azikopera mu foni yake. Ngati munalembetsa VAT, risiti yochoka mu pulogalamu yanu siilowa m'malo mwa ya MRA pokhapokha zitalumikizidwa, a MRA akhala akusamutsa anthu kuchoka ku makina osindikiza marisiti a EFD kupita ku njira yatsopano ya ma invoyisi a pakompyuta yotchedwa EIS, nde mufunseni wogulitsayo mwachindunji kuti pulogalamu yake ili pati pa nkhaniyi, apo bii muzilemba malonda alionse kawiri.

Mukasankha, musasamutse zonse tsiku limodzi. Tengani ntchito imodzi yomwe imakudyerani nthawi kwambiri, kwa ambiri ndi kufananitsa malipiro ndi ma oda madzulo, muyambe ndi imeneyo pa nthambi imodzi. Woyesa asakhale inu kapena mphwanu wa makompyuta uja, akhale wantchito amene foni imamuvuta kwambiri, pa foni yake yomweyo ya sikirini yosweka ndi memory yodzadza, ndi bandulo yomwe mumampatsa masiku onse, muone kuti yatha masiku angati. Buku la hadikava lipitirire kulembedwa pambali kwa mwezi wathunthu, ndipo mweziwo ukhale ndi tsiku la malipiro mkati kuti muone system ikapanikizika. Loweruka lililonse muziwerenga matumba mu sitoko ndi manja, n'kuika manambala atatu pamodzi, ya buku, ya foni ndi ya pansi. Zikasiyana musathamangire kunena kuti wina waba, yang'anani kaye ola lomwe oda inalembedwa ndi ola lomwe inafika pa seva, kawirikawiri kusiyanako kumakhala pa tsiku lomwe netiweki inavuta.